Mphumu yobwereranso usiku: zimene ma enzyme amachita m'chifuwa

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Zomba: "Adokotala, mwana wanga wamkazi wa zaka 14 ali ndi mphumu. Tsiku limene wasesa kuchipinda kapena wakutumula matiresi, sipapita nthawi amayamba kubanika. Akapopera inhela yabuluu amapeza bwino n'kumacheza ngati palibe chachitika. Koma pakati pa usiku zimayambiranso, mwina kuposa masana, chonsecho fumbi lija analisiya kalekale. Piriton sathandiza. Kuchipatala anatipatsa inhela ina yabulauni yoti azipopera tsiku lililonse, koma iye akuikana, akuti akapopera samva kusintha kulikonse. Anatichenjezanso za aspirin ndi Brufen, n'kutchula za ma enzyme. Mwanayo akuti kusukulu anaphunzira kuti ma enzyme ndi ogaya chakudya m'mimba. Nanga m'chifuwa akufunamo chiyani?"

Mayi, mtsikana wanu sananame, ndipo aphunzitsi ake sanalakwitse. Kungoti kusukulu amayambira pa ma enzyme a m'kamwa ndi m'mimba chifukwa ndiwo osavuta kuonetsa. Zoona zake n'zakuti selo lililonse la thupi lathu lili ndi ma enzyme ochuluka, ndipo nkhani yonse mwafotokozayi, kuyambira pa tsache mpaka pa kubanika kwa usiku, ndi nkhani ya iwowo.

Inuyo enzyme mumaidziwa kale, ngakhale dzinalo simulitchula. Mukaphika phala la thobwa limakhala lolimba, losatsekemera. Mukalisiya kuti lizirale pang'ono n'kuwazamo chimera, posakhalitsa limasungunuka n'kuyamba kuzuna, chonsecho shuga simunathiremo. M'chimeramo muli enzyme yotchedwa amylase imene imadula sitachi wa mu ufa kukhala shuga. Chimera chodzaza m'manja chimasintha mphika wonse, chifukwa enzyme siitha ikamagwira ntchito: ikadula apa, imapita kukadula pena. Utomoni wa papaya wosapsa umafewetsa nyama yolimba mwa njira yomweyo, kudzera mu enzyme yotchedwa papain, imene ntchito yake ndi kudula mapuloteni. Papayayu musamuiwale, tikumana naye posachedwa.

M'matiresi, m'pilo ndi m'mabulangete mumakhala tizilombo tonga nthata, tating'ono kwambiri moti titatu kapena tinayi titandondozana mpamene tingakwane milimita imodzi. Sitiluma. Timangodya mfundu zakhungu zimene munthu amayoyola akagona, ndipo timaswana kwambiri kukakhala chinyontho. Chimene chimavutitsa mwana wanu si kachilomboko kwenikweni, koma zitosi zake, zomwe zikauma zimauluka ndi fumbi munthu akakutumula zogonera. Zitosizo zimatuluka zitakutidwa ndi ma enzyme a m'matumbo mwa kachilomboko, ndipo yodziwika kwambiri imatchedwa Der p 1. Ndi ya banja limodzi ndi papain wa m'papaya uja. Apa ndiye mumuuze mtsikana wanu kuti analondola kuposa mmene amaganizira: enzyme yoyamba pa nkhani yake ndi yogayadi chakudya, kungoti ndi ya m'mimba mwa nthata. Ikatera m'njira za mpweya imapitiriza ntchito imene imadziwa. Maselo amene amakuta m'kati mwa njirazo amalumikizana ngati njerwa zomangidwa ndi matope, ndipo Der p 1 imadula mapuloteni amene ali ngati matopewo. Mpanda ukang'aluka, zonse zili m'fumbi zimalowa n'kukakumana ndi asilikali a m'thupi. Mphemvu ndi chuku cha m'makoma onyowa nazonso zili ndi ma enzyme odula mapuloteni, n'chifukwa chake zimawenga anthu ambiri a mphumu.

Tonse timapuma fumbi lomweli. Kusiyana kwake n'kwakuti thupi la mwana wanu, mwina motengera kumtundu, linaona zitosizo ngati mdani woopsa, n'kupanga chida cholimbana nazo chotchedwa IgE. Chidachi chinadziwika m'ma 1966 ndi 1967, pa ntchito ya Kimishige ndi Teruko Ishizaka ku Denver komanso Gunnar Johansson ndi Hans Bennich ku Uppsala. IgE ikapangidwa imakamatirira kunja kwa maselo otchedwa mast cell, amene amakhala m'makoma a njira za mpweya ngati alonda a pachipata. Paul Ehrlich, amene anawatcha dzinali mu 1878, anawaona ali odzaza timatumba n'kuganiza kuti ndi maselo okhuta chakudya. Timatumbato si ta chakudya ayi. Ndi zida zosungidwa kale, zongodikira mfuu.

Tsopano tione tsiku la kusesa. Fumbi lalowa, kachidutswa ka chitosi kagwira ma IgE awiri oyandikana pa mast cell. Pa timphindi tochepa ma enzyme a m'kati mwa selolo, makamaka awiri otchedwa Lyn ndi Syk, amapatsirana uthenga ngati mmene mfuu ya wakuba imayendera kuchoka pakhomo lina kupita pakhomo lina, mpaka selo limakhuthula timatumba take. Mumatuluka histamine, amene amatupitsa ndi kuyabwitsa. Mumatulukanso ma enzyme odula mapuloteni, tryptase ndi chymase. Tryptase ndiye wochuluka zedi m'timatumbamo, moti madokotala akafuna kutsimikiza kuti munthu anakomoka chifukwa cha ziwengo zoopsa amamuyeza m'magazi pa ola limodzi kapena awiri chichitikireni. M'mapapo, tryptase amadzidzimutsa maselo oyandikana nawo ndipo amachititsa minofu yozungulira njira za mpweya kukhala yamantha, yofinyika ndi kanthu kakang'ono.

Komabe chimene chimafinya chifuwa kwambiri sichikhala m'timatumba tija. Chimapangidwa pomwepo, ndipo apa ndikufuna ndichedwepo chifukwa mayankho awiri a mafunso anu ali pamenepa. Khungu la selo lililonse ndi lopangidwa ndi mafuta. Mfuu ija ikamveka, enzyme yotchedwa phospholipase A2 imadula mafutawo n'kutulutsa kachidutswa kotchedwa arachidonic acid. Kachidutswaka kamafika pamphambano. Njira imodzi ili m'manja mwa enzyme yotchedwa cyclooxygenase, mwachidule COX, imene imapanga ma prostaglandin. Njira inayo ili m'manja mwa 5-lipoxygenase, imene imapanga ma leukotriene. Ma leukotriene amenewa amafinya njira za mpweya mwamphamvu kuposa histamine maulendo 100, mwinanso kufika 1,000, ndipo salekerera msanga. Amachulukitsanso makhololo ndi kutupitsa makoma.

Mbiri yake ndi yopatsa chidwi. Mu 1938 ku Melbourne, Wilhelm Feldberg ndi Charles Kellaway anathira ululu wa njoka ya mtundu wa cobra m'mapapo a mbira, n'kuona kuti mukutuluka chinthu chofinya minofu pang'onopang'ono koma kwa nthawi yaitali, chomwe sichinali histamine. Ululu wa njokayo uli ndi phospholipase A2 yakeyake. Panapita zaka 40 anthu akudziwa kuti chinthucho chilipo koma osachigwira, mpaka mu 1979 pamene Bengt Samuelsson ndi anzake ku Stockholm anazindikira kapangidwe kake n'kuchitcha leukotriene. Mu 1982 Samuelsson analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Sune Bergström ndi John Vane.

Mwaona tsono chifukwa chake Piriton sakuthandiza. Iye amatsekereza histamine yekha. Pa chimfine cha ziwengo ndi zidzolo zoyabwa amagwira ntchito, koma pa mphumu zili ngati kutseka zenera nyumba ili pululu kukhomo. Choipa china n'chakuti amagonetsa, ndipo mwana wobanika sindifuna kuti akhale ndi tulo ta mankhwala.

Inhela yabuluu ndi salbutamol, imene ambiri amaitchula Ventolin. Nayonso imadzera pa enzyme: imadzutsa adenylyl cyclase m'maselo a minofu, ndipo minofu yofinyika ija imamasuka pa mphindi zisanu zokha. Ndi mankhwala opulumutsa moyo, asamasiyane nawo. Koma mphamvu yake imatha pa maola 4 mpaka 6, ndipo ntchito yake imathera pa minofu basi. Uthenga umene ma mast cell anatumiza kwina siuimitsa.

Uthengawo ndi umene umabweretsa za usiku. Pokhuthula timatumba paja, ma mast cell pamodzi ndi maselo ena otchedwa Th2 amatulutsanso mankhwala oitana anzawo, monga IL-4, IL-5 ndi IL-13. Oitanidwawo ndi maselo oyera a m'magazi otchedwa eosinophil, amene amapangidwa m'mafuta a m'mafupa. Kuti achoke m'magazi, aboole makoma a mitsempha ndi kusonkhana m'mapapo zimatenga maola. N'chifukwa chake pafupifupi theka la anthu a mphumu ya ziwengo amabanika kawiri pa fumbi limodzi: koyamba pa mphindi 10 mpaka 20, kenako chifuwa chimamasuka, ndiye pakapita maola atatu kapena anayi chimayambanso kuthina, n'kufika poipa pakati pa maola 6 ndi 12. Mwana akasesa masana, werengani nokha, nthawiyo ikugwera usiku. Onjezanipo kuti salbutamol uja watha mphamvu, kuti cortisol amene thupi limapanga lokha poziziritsa kutupa amatsika kwambiri cha pakati pa usiku, kuti njira za mpweya za munthu aliyense zimachepako m'bandakucha, ndiponso kuti mwanayo wagoneka nkhope pa matiresi omwe aja. M'miyezi ya chiperoni, mphepo yozizira imangowonjezera moto.

Ma eosinophil sanalengedwe kuti azizunza ana. Ntchito yawo yeniyeni ndi kulimbana ndi njoka za m'mimba ndi tizilombo ta likodzo, zinthu zazikulu zoti selo silingameze. Choncho amazimatirira n'kuzithira mankhwala owotcha. Chimodzi mwa zida zawo ndi enzyme yotchedwa eosinophil peroxidase, imene imapanga asidi wa hypobromous, mbale wake wa mankhwala a mu Jik amene mumachapira zovala zoyera. M'mapapo a mwana wanu mulibe njoka yoti iphedwe, ndiye chimene chimapsa ndi khungu la m'kati mwa njira za mpweya. Limasupuka, timitsempha ta m'munsi mwake timakhala pamtunda, ndipo kwa masiku angapo ngakhale milungu mwanayo amatsokomola ndi zinthu zimene kale sizinkamuvuta: utsi wa mbaula, perefyumu, kuseka, kuthamanga. Enzyme yomweyi imalumikizanso tizingwe ta m'makhololo, n'kuwasandutsa onanda ngati ulimbo, otha kutseka timachubu ting'onoting'ono. Salbutamol sangasungunule ulimbo umenewo, ndipo sangaphwetse khoma lotupa. Ichi n'chifukwa chake kubanika kwa usiku sikumvera inhela yabuluu ngati kwa masana. Ma eosinophil amapanganso ma leukotriene awo, kuwonjezera pa aja a poyamba.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine si usiku umodzi. Ndi zaka. Bala likamatukusidwa lisanapole limasiya chipsera cholimba, ndipo m'mapapo zimachitika chimodzimodzi. Ma enzyme ena, monga MMP-9, amagumula zomangira za makoma a njira za mpweya, thupi n'kumanganso mothamanga, kugumula, kumanganso, mpaka makomawo amakhuthala ndipo minofu yake imakula. Zikafika pamenepo njira sizitsegukanso mokwanira ngakhale pa tsiku labwino. Mtsikana wa zaka 14 mapapo ake akukulabe, ndipo nthawi yowateteza ndi ino.

Tafika pa inhela yabulauni imene akuikana. Kawirikawiri imakhala beclometasone, wa m'gulu la ma steroid. Mtsikana wanu akunena zoona kuti akapopera samva kanthu, ndipo sayenera kumva kanthu, chifukwa mankhwalawa sakhudza minofu. Amalowa mpaka pakatikati pa selo, pamene pamasungidwa malangizo opangira mapuloteni onse. Kumeneko amaitana enzyme ina yotchedwa HDAC2, imene imakulunga ndi kutseka malangizo opangira zinthu zotupitsa. Mankhwala oitana ma eosinophil amachepa, ma eosinophil amene analowa kale amafa msanga, ma mast cell a pakhungu la njira za mpweya amachepa, ndipo mpanda wong'aluka uja umapeza mpata wopola. Inhela yabuluu ili ngati kukapa madzi m'nyumba yodontha, yabulauni ndiyo kufolera denga. Kufolera kumatenga nthawi: kusintha kumayamba kuoneka pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo phindu lonse limafika patapita miyezi. Akasiya, denga limayambanso kudontha mwakachetechete.

Kwa zaka zambiri madokotala tinkapereka salbutamol yekha kwa amene mphumu yawo inkaoneka yaing'ono. Mu 2019 bungwe la GINA, limene limalemba malangizo a mphumu a dziko lonse, linasintha zimenezo: achinyamata ndi akuluakulu asamapatsidwenso salbutamol payekha popanda steroid wopopera, chifukwa ngakhale amene amabanika mwa apo ndi apo amatha kugwidwa koopsa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 mphumu inapha anthu 455,000, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka kumene inhela ya steroid siipezeka kapena siidziwika. Kwathu kuno, kafukufuku wa ana 120 pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anafalitsidwa mu 2021, anaonetsa kuti ana akalandira inhela moyenera, iwo ndi makolo awo n'kuphunzitsidwa bwino kagwiritsidwe kake, amachepetsa kuthamangira kuchipatala ndi kujomba kusukulu. Munachita mwayi kupatsidwa inhela yabulauniyo. Isakhale m'kabati.

Ndikudziwa kuti mawu akuti steroid amaopsa makolo. Wopoperayu ndi wochepa kwambiri, amayezedwa m'ma microgram, ndipo amapita molunjika kumene kuli vuto. Akatha kupopera azichukucha m'kamwa n'kulavula, kuti asachite zilonda zoyera pa lilime kapena kusasa mawu. Azigwiritsanso ntchito spacer, kachubu kamene kamaikidwa pakati pa inhela ndi pakamwa, chifukwa popanda iko mankhwala ambiri amathera pakhosi. Ikasowa, botolo lapulasitiki la 500 ml loboola kumunsi kuti inhela ilowe bwinobwino limagwira ntchito. Heather Zar ndi anzake ku Cape Town anaonetsa mu 1999 kuti silisiyana kwenikweni ndi spacer yogula. Apemphe namwino amuonetse, iye achite pamaso pake. Ndipo ngati pakhomo pali wosuta fodya, dziwani kuti utsi wa fodya umafooketsa HDAC2 ija, moti mankhwala abwinowa amagwira mwa theka. Wosutayo mumulankhule mwaulemu koma mosabisa.

Za aspirin ndi Brufen, bwererani pamphambano paja. Mankhwala awiriwa, pamodzi ndi diclofenac ndi Indocid, amaletsa ululu potseka enzyme ya COX. Koma m'gulu la ma prostaglandin amene COX amapanga muli mmodzi, PGE2, amene ndi buleki wa njira inayo. Mwa anthu ena, buleki ameneyu akachoka 5-lipoxygenase amathamanga mopanda womuletsa, ma leukotriene amasefukira, ndipo munthu amabanika koopsa pa mphindi 30 mpaka maola atatu chimwereni. Zimachitikira akuluakulu pafupifupi 7 mwa 100 alionse a mphumu, makamaka amene mphuno zawo zimakhala zotsekeka nthawi zonse, zomera tinthu m'kati, ndipo sakumvanso fungo. Mwa ana n'zosowa, ndipo ambiri amamwa Brufen popanda vuto. Komabe poti Panado alipo ndipo satseka COX mwamphamvu choncho, akuchipatala anachita bwino kukuuzani kuti muyambire pa iye, makamaka tsopano pamene mphumuyo sinakhazikike. Mtsikana wa msinkhu uwu angafune mankhwala a ululu akakhala kumwezi, ndiye nkhaniyi mukambirane ndi adokotala ake m'malo moti azigula yekha pa okala. Aspirin yekha ndiye ayi ndithu, pa chifukwa chinanso: sapatsidwa kwa mwana wosakwana zaka 16 chifukwa angayambitse matenda oopsa a chiwindi ndi ubongo otchedwa Reye.

Alipo mankhwala akumwa olimbana ndi ma leukotriene mwachindunji. Montelukast amatseka pamene ma leukotriene amagwira, ndipo amathandiza ena, koma mphamvu yake siifika pa ya steroid wopopera, ndipo mu 2020 bungwe loona za mankhwala ku America linaikapo chenjezo lalikulu poti ena amalota zoopsa, kusowa tulo kapena kusokonezeka maganizo. Ndi wowonjezera, osati wolowa m'malo.

Chinthu china poti muli ku Zomba. Akadzamuyeza magazi n'kupeza ma eosinophil ochuluka, asafulumire kunena kuti ndi mphumu yokha. Likodzo ndi njoka za m'mimba zimawachulukitsanso, ndipo mwana amene anasambapo m'madambo kapena kumbali ya nyanja ya Chilwa ayenera kuyezedwa mkodzo ndi chimbudzi.

Pa za fumbi, chitani zimene mungathe koma musayembekezere kuti zokhazo zichiza. Matiresi akutumule wina, panja, iye ali kutali. Zofunda ziziyanikidwa padzuwa lamphamvu ndi kuchapidwa ndi madzi otentha. Posesa aziwaza madzi kaye, ndipo pa mipando azipukuta ndi kansalu konyowa. Ntchito zapakhomo zilipo zambiri zimene angagwire popanda fumbi.

Muyeso wosavuta woti muziona nawo ngati zinthu zikuyenda ndi inhela yabuluu yomweyo. Ngati akuifuna kuposa kawiri pa sabata, kapena mphumu ikumudzutsa usiku, kapena mwagula zitatu pa chaka, kutupa kwa m'kati sikunazime ndipo abwerere kuchipatala akaonenso mlingo ndi kapoperedwe kake. Tsiku limene wabanika masana, ngakhale madzulo aoneke wosangalala, usiku umenewo mugone naye pafupi, inhela ndi spacer zili pamutu pa bedi. Mukaona kuti akulephera kumaliza chiganizo osapumira, khungu la pakati pa nthiti ndi la pakhosi likulowa m'kati, milomo yasintha mtundu, akuwodzera, kapena chifuwa chimene chimalira chija chati zii koma iye akuvutikabe, musadikire kuti kuche. Mupatseni salbutamol kudzera mu spacer, kupopera kamodzikamodzi maulendo 4 mpaka 10, kubwereza pa mphindi 20 zilizonse muli pa ulendo wa kuchipatala. Kumeneko adzamupatsa prednisolone, steroid wakumwa, amene amatenga pafupifupi maola anayi kuti ayambe kugwira, poti nayenso amakatseka malangizo pakati pa selo. Maola anayiwo amayamba kuwerengedwa pamene wameza, ndiye mukanyamuka msanga mwamufupikitsira usiku.